Kachirombo ka Edzi kamagona, sikafa: nkhani ya Tat ndi Rev



Ine sindine dotolo, ndine mtolankhani. Ndinayambako maphunziro a sayansi ku yunivesite, kenaka ndinasiyira panjira n'kulowa ntchito yolemba nkhani, koma chizolowezi chowerenga zimene ofufuza akupeza sichinandichoke. Choncho ntchito yanga lero ndi yomwe ija ya masiku onse, kutenga nkhani yolembedwa m'Chingerezi chovuta cha akatswiri ndi kuikamba m'chinenero chathu kuti aliyense amve.

Funso limene ndabwera nalo ndi ili. Munthu wamwa mankhwala a ARV mokhulupirika kwa zaka 10, thupi labwerera, akulima, akuyenda malonda ake, ndipo kuchipatala amuyeza magazi n'kumuuza kuti kachirombo sikakuoneka. Nanga n'chifukwa chiyani a chipatala omwewo akumuuza kuti asayerekeze kusiya mankhwala? Ngati kachirombo sikakuoneka, kali kuti? Funsoli likukhudza Amalawi pafupifupi 1 miliyoni amene ali ndi kachirombo ka HIV, ndiponso tonsefe amene tili abale awo. Safunsa anadya phula, ndiye tiyeni tifunse ndipo tiyankhe. Yankho lagona pa timapuloteni tiwiri ta kachiromboka totchedwa Tat ndi Rev, ndi mmene timagwirira chinthu chotchedwa RNA. Maina awa asakuopseni, tipita nawo pang'onopang'ono.

Tiyambire pa thupi lathu. Thupi linamangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, totchedwa maselo. Pakati pa selo pali kachipinda kena kotchingidwa bwino kamene amakatcha nyukiliyasi, ndipo m'menemo ndi mmene mumasungidwa DNA. DNA tiiyerekeze ndi kaundula wamkulu wa mu ofesi. Muli malangizo onse a kapangidwe ka munthu, olembedwa ndi mitundu 4 yokha ya zilembo, A, T, G ndi C, zimene zandandalikana mpaka kukwana 3 biliyoni. Ndime imodzi ya malangizo imatchedwa jini. Zikachuluka amati majini, koma si majini aja ogwira anthu ayi, izi ndi ndime chabe, ndipo zimene zimapanga mapuloteni mwa munthu zilipo pafupifupi 20,000.

Kaundula satuluka mu ofesi. Selo likafuna kupanga chinthu, pali mlembi amene amatsegula pa ndime yofunikayo n'kuikopera pa kalata. Mlembiyo akatswiri amamutcha RNA polymerase II, ndipo kalatayo ndiyo RNA. Kalata imatuluka pa zipata za nyukiliyasi kupita kwa amisiri otchedwa maribosomu, amene amaiwerenga n'kupanga puloteni. Puloteni ili ngati chingwe cha mikanda. Mikandayo imatchedwa amino acid, ilipo mitundu 20, ndipo imatungidwa motsatira zimene kalata yanena. Mapuloteni ndiwo amagwira ntchito zambiri za m'thupi monga kugaya chakudya, kunyamula mpweya m'magazi ndi kulimbana ndi matenda. Ndiye gwirani zinthu zinayi izi: kaundula, mlembi, kalata ndi amisiri. Jini likhoza kukhalamo mu kaundula, koma ngati mlembi sanalikopere, kapena kalata sinatuluke pachipata, palibe chimene chimapangidwa.

Tsopano tibwere kwa mlendo wathu woipa uja. Kachirombo ka HIV kanapezeka m'chaka cha 1983 ku Institut Pasteur mu mzinda wa Paris, ndipo amene anatsogolera ntchitoyo, Françoise Barré-Sinoussi ndi Luc Montagnier, analandira mphoto ya Nobel mu 2008. Kuno kwathu wodwala Edzi woyamba anatsimikizika mu 1985. Mukakayang'ana kachiromboka mudabwa ndi umphawi wake. Zilembo zake sizikwana 10,000 ndipo majini ake ndi 9 okha. Kalibe mlembi wokopera makalata, kalibe amisiri. Zonsezi kamabwereka kwa munthu, ndipo kubwereka kwake ndi kwa katangale.

Kachiromboka kamabwera ndi malangizo ake ali pa RNA. Kakalowa m'selo la CD4, limene ndi limodzi la maselo otsogolera chitetezo cha m'thupi, puloteni yake yotchedwa reverse transcriptase imasandutsa RNA ija kukhala DNA. Kenaka puloteni ina yotchedwa integrase imadula kaundula wa munthu n'kumatamo tsamba la kachirombo. Kuyambira nthawi imeneyo tsambalo lasanduka mbali ya kaundula. Selo likagawikana pawiri, tsamba lachilendolo limakoperedwa limodzi ndi masamba ena onse.

Apa ndi pamene mankhwala amene timamwa amagwira ntchito. Piritsi limodzi patsiku limene dziko lathu linayamba kupereka kwa anthu ambiri mu 2019 lili ndi mankhwala atatu: tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir. Awiri oyambawo amatsekereza reverse transcriptase, wachitatuyo amatsekereza integrase. Motero maselo atsopano amatetezedwa, tsamba latsopano silimatidwanso. Koma tsamba limene linamatidwa kale, mankhwala awa salikhudza. Ndiye funso likhale lakuti, tsamba lomatidwa kale lija limayamba liti kuyankhula, nanga limakhala chete liti?

Kuti mutuluke tizirombo tatsopano, mlembi wa selo ayenera kukopera tsamba lonse, zilembo zoposa 9,000. Vuto loyamba la kachirombo lili pomwepa. Mlembi amayamba bwinobwino, koma akangolemba zilembo ngati 60 amaima, ndipo kawirikawiri amataya kakalata kosamalizako. Izi zinaonetsedwa mu 1987 ndi gulu la a Matija Peterlin ku University of California mu mzinda wa San Francisco. Iwo anapeza kuti m'maselo mmene mulibe Tat mumadzaza timakalata tatifupi topanda ntchito, pamene Tat akakhalamo makalata amatuluka athunthu.

Tat ameneyu anali atadziwika kale mu 1985, pa kafukufuku wa a Joseph Sodroski ndi a William Haseltine ku Boston, komanso gulu la mayi Flossie Wong-Staal ku Bethesda m'dziko la America. Ndi kapuloteni kakang'ono, mikanda yake ndi 86 mpaka 101 basi. Chimene chinadabwitsa akatswiri n'chakuti mapuloteni ambiri oyatsa majini amakagwira pa DNA, pa kaundula penipeni, koma Tat amagwira pa kalata imene mlembi wangoyamba kulemba.

Amagwira bwanji? RNA sikhala yowongoka ngati pepala. Ili ngati chingwe chimene zilembo zake zimakokana, A ndi U, G ndi C, chifukwa pa RNA chilembo T chimalowedwa m'malo ndi U. Kukokanaku kumachititsa chingwe kupindika n'kupanga mfundo zokhala ndi maonekedwe akeake. Zilembo 59 zoyambirira za kalata ya HIV zimapindika ngati waya wopindidwa pakati, mbali ziwiri n'kugundana, pamwamba n'kutsala kamphete. Cha m'mbali pali zilembo 3 zosowa zinzake zimene zimatumphukira kunja. Mfundo imeneyi imatchedwa TAR. Tat ali ndi chigawo chodzaza ndi mkanda wotchedwa arginine, umene umakokana ndi RNA monga maginito ndi msomali, ndipo chigawo chimenechi chimalowa pa katumphu kaja ngati kiyi pa loko.

Koma Tat payekha sangasunthe mlembi. Selo lili ndi kapitawo wake amene ntchito yake ndi kuyendetsa mlembi akaima. Kapitawoyu amatchedwa P-TEFb ndipo ali ndi mbali ziwiri, cyclin T1 ndi CDK9. Chimene Tat amachita ndi kumugwira kapitawoyu padzanja n'kumukokera pa mfundo ya TAR, pafupi penipeni ndi pamene mlembi waima. Atafika, CDK9 amamata timagulu ta phosphate pa mchira wa mlembi ndi pa mapuloteni amene anamugwira kuti asapitirire. Basi, mlembi amauyamba ulendo osaimanso mpaka kumapeto kwa tsamba. Tat ali ngati munthu uja wodziwa khomo la bwana, amene amatenga wantchito wa ofesi n'kumugwiritsa ntchito yake, ntchito za eni ofesi zili pamzere.

Tsono taonani nzeru yake. Jini lopanga Tat lili pa tsamba lomwelo. Makalata ochepa athunthu akangopulumuka, amisiri amapanga Tat pang'ono. Tat wochepayo amabwerera mu nyukiliyasi n'kuchititsa kuti makalata achuluke, makalata ochulukawo amapanga Tat wambiri, ndipo zimangopitirira choncho ngati moto wolusa m'tchire la mu Okutobala. Mwanjira imeneyi makalata a kachirombo amachuluka kuwirikiza ka 100 kapena kuposa apo.

Kugwirana kwa Tat ndi kapitawo wa selo kunamveka bwino mu 1998, pamene gulu la mayi Katherine Jones ku Salk Institute ku California linapeza kuti cyclin T1 ndiye amene Tat amamugwira. Chaka chomwecho kunapezekanso chinthu chochititsa chidwi. Mbewa nazo zili ndi cyclin T1, koma pa mkanda wa nambala 261 yawo ndi yosiyana ndi ya munthu. Kusiyana kwa mkanda umodzi wokhawo kumachititsa kuti Tat alephere kumanga bwino gulu lake pa TAR, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene HIV sachulukirana m'maselo a mbewa. Izi zikutiuza kuti moyo wa kachiromboka wapachikika pa kaulusi kakang'ono kwambiri.

Vuto loyamba latha, kalata yalembedwa yonse. Vuto lachiwiri lili pachipata. Selo lili ndi lamulo lakuti kalata isanatuluke mu nyukiliyasi iyambe yapita kwa telala. Telalayu amadula zigawo zosafunika n'kusoka zotsalazo pamodzi. Kalata imene idakali ndi zigawo zoyenera kudulidwa, alonda a pachipata saitulutsa. Lamuloli limateteza selo kuti amisiri asamawerenge makalata osamalizidwa n'kupanga zinthu zolakwika.

Kachirombo ka HIV kamapindula naye telalayu, pakuti kalata yake imodzi imadulidwa mosiyanasiyana n'kutuluka makalata a mitundu yoposa 40. Umu ndi mmene tsamba lalifupi chotere limaperekera mapuloteni ochuluka. Koma kamafunanso makalata odulidwa pang'ono chabe, monga opangira Env, puloteni ya pa chikopa chake imene kamagwirira selo la CD4. Koposa zonse kamafuna kalata yathunthu yosadulidwa konse, chifukwa imeneyo ndiyo imapanga Gag ndi Pol, mapuloteni omangira thupi lake ndi zida zake, komanso kachirombo katsopano kalikonse kayenera kunyamula makope 2 a kalata yathunthuyo kuti kakapatsire selo lina. Nanga kalata yosadulidwa idutsa bwanji pachipata choletsedwa?

Apa ndi pamene Rev amalowera. Poyamba pa zonse makalata aafupi okha, odulidwa mokwanira, ndiwo amatuluka, ndipo amapanga mapuloteni atatu: Tat, Rev ndi Nef. Rev, amene ali ndi mikanda 116, amabwerera mu nyukiliyasi n'kukafunafuna mfundo ina pa makalata aatali aja. Mfundo imeneyi imatchedwa RRE. Ndi yaikulu kuposa TAR, zilembo zake ndi pafupifupi 350, ndipo imapindika ngati mtengo wa nthambi zingapo. Rev woyamba amagwira pa nthambi imodzi, nayenso pogwiritsa ntchito chigawo chodzaza ndi arginine, kenaka anzake amabwera kudzandanda pambali pake mpaka kukwana 6 kapena kuposa. Rev aliyense ali ndi kachizindikiro kokhala ngati chidindo cha chiphaso. Mtengatenga wa selo wotchedwa CRM1, amene ntchito yake ndi kutulutsa katundu wokhala ndi chidindo chotere, akachiona amanyamula mtolo wonse, Rev pamodzi ndi kalata, n'kudutsa nawo pachipata alonda akuyang'ana.

Rev anadziwika mu 1986, ndipo mu 1989 a Michael Malim ndi a Bryan Cullen ku Duke University anaonetsa kuti ntchito yake ndi kutulutsa makalata osadulidwa. Mu 1997 magulu angapo a ofufuza anatsimikiza kuti CRM1 ndiye mtengatenga wake. Ndipotu kufufuza Rev kunathandiza kwambiri akatswiri kumvetsa mmene maselo athu omwe amatulutsira katundu mu nyukiliyasi. Wakuba anaonetsa eni nyumba khomo limene iwo sankalidziwa.

Chifukwa chakuti Rev ayenera kuchuluka kaye asanayambe kutulutsa makalata aatali, kachirombo kamakhala ndi nyengo ziwiri. M'nyengo yoyamba kamakonzekera mwakachetechete, Tat akuchulukitsa makalata, ndipo Nef akuchotsa pa khungu la selo zizindikiro zimene asilikali a m'thupi amadziwira kuti selo ili lagwidwa. M'nyengo yachiwiri Rev amatsegula njira ndipo tizirombo tatsopano timayamba kumangidwa. Kafukufuku wa a David Ho ndi a Alan Perelson wa mu 1996 anawerengera kuti mwa munthu amene sali pa mankhwala mumapangidwa tizirombo pafupifupi 10 biliyoni tsiku lililonse. Koma ofufuza akachotsa jini la Tat kapena la Rev mu labotale, kachiromboka kamalephera kuchulukana.

Si HIV yekha amene amadziwa njira yogwira RNA. Kachirombo ka rotavirus, kamene kamatsegula ana m'mimba ndipo katemera wake anayamba kuperekedwa m'Malawi mu 2012, kali ndi puloteni yotchedwa NSP3 imene imagwira kumchira kwa makalata ake n'kukankhira kumbali puloteni yothandiza makalata a selo kuwerengedwa. Kachirombo ka Covid-19 kali ndi Nsp1, imene mu 2020 inapezeka kuti imatseka kabowo kamene kalata imalowera mu ribosomu, motero makalata a selo oitana chitetezo sawerengedwa bwino. Tizirombo tonseti ndi tosauka majini, ndiye timalamulira nyumba ya eni pogwira pamene makalata amadutsa.

Tsopano tibwerere ku funso lathu. Kachirombo kosaoneka m'magazi kali kuti? Maselo a CD4 sakhala otakataka nthawi zonse. Akamaliza kulimbana ndi matenda ena ake, ambiri amafa, koma ena amapumula n'kukhala osunga chikumbukiro cha matendawo kwa zaka zambiri. Ichi ndi chinthu chabwino, ndipo ndi mbali ya chifukwa chake katemera amagwira ntchito. Koma selo limene lamatidwa tsamba la HIV likalowa m'kupumula koteroko, zinthu zimasintha. Mapuloteni oyambitsa mlembi amachepa, cyclin T1 amachepa kwambiri, ndipo tsamba la kachirombo limakulungidwa molimba. Makalata athunthu sakwanira kuti apange Tat, ndipo popanda Tat makalata sachuluka. Moto uja sukolera. Selo lotere silipanga tizirombo, siliikanso chizindikiro chilichonse kunja, choncho asilikali a m'thupi amalidutsa ngati labwinobwino, ndipo mankhwala alibe choti atsekereze m'menemo.

Nkhokwe yobisika imeneyi inatsimikizika mu 1997 ndi magulu atatu a ofufuza ku America, patangotha chaka chimodzi chiyambire kugwiritsa ntchito mankhwala atatu ophatikiza, nthawi imene ena ankayembekeza kuti zaka zochepa za mankhwala zichiza munthu. Limodzi mwa maguluwo linali la a Robert Siliciano ku Johns Hopkins University. Iwo anapeza kuti pa maselo opumula a CD4 okwana 1 miliyoni, pafupifupi limodzi lokha ndi limene lili ndi kachirombo kathunthu kokhoza kudzuka. Zikuoneka zochepa, koma mu 2003 gulu lomwelo linawerengera kuti pamatenga miyezi 44 kuti nkhokweyi ichepe ndi theka, ndipo kuti ithe yokha munthu ali pa mankhwala pangafunike zaka 73. Uwu ndi moto wa m'mankhusu. Pamwamba phulusa lozizira, pansi khala likadali lamoyo.

Tsiku lina selo lopumula lija limakumana ndi matenda amene limawakumbukira, kapena chinthu china cholidzutsa. Cyclin T1 amachuluka, mlembi amayamba, Tat pang'ono amapangidwa, moto umakolera, Rev amatsegula chipata, tizirombo timatuluka. Ngati mankhwala ali m'magazi, tizirombo timeneti timalephera kukhazikika m'maselo atsopano ndipo nkhani imathera pomwepo, mwini wake osadziwa n'komwe. Ngati mankhwala mulibe, kwa anthu ambiri kachirombo kamaonekanso m'magazi pasanathe milungu 2 mpaka 4.

Pali nkhani ya mwana wina wa ku Mississippi ku America imene inaphunzitsa dziko lonse. Mwanayu anabadwa mu 2010 ali ndi HIV ndipo anayamba kulandira mankhwala atangokwanitsa maola 30. Ali ndi miyezi pafupifupi 18 mankhwala anasiyidwa, koma kachirombo sikanaoneke, mpaka nyuzipepala zambiri zinalemba kuti wachira. Patapita miyezi 27 wopanda mankhwala, mu 2014, kachirombo kanabwerera. Maselo ochepa chabe ogona anali okwanira.

Amayi ndi abambo, wakutsina khutu ndi mnansi. Akuluakulu muli pano mukukumbukira chaka cha 1995, pamene anthu zikwizikwi anakhamukira ku Machinga kukamwa mchape kwa a Billy Goodson Chisupe, amene ankati analota mankhwala ochiza Edzi. Nthawi imeneyo tinalibe pogwira, ma ARV aulere anadzayamba mu 2004, ndiye sitingawaseke anthu amene anapita. Koma lero tikudziwa pamene kachirombo kamabisala. Kali mu kaundula wa selo, kolembedwa ndi zilembo zofanana ndi zathu zomwe. Aliyense wokuuzani kuti chakumwa chake chatsuka kachirombo, kapena kuti tayani mapiritsi poti mwachira, mufunseni kuti tsamba lija walichotsa bwanji. Ndipo akakutumizani kukayezetsa mukadali pa mankhwala n'kumati taonani sikakuoneka, dziwani kuti akukolola pamene sanalime. Imeneyo ndi ntchito ya ma ARV. Pempherani ndithu, mapemphero amalimbitsa mtima, koma piritsi limwedwe.

Kodi kudziwa za Tat ndi Rev kwatithandiza chiyani pa nkhani yofuna mankhwala ochiziratu? Akatswiri akuyesa njira ziwiri zosemphana. Njira yoyamba ndi yodzutsa dala kachirombo kogonako munthu ali pa ma ARV, kuti selo lionekere ndipo liphedwe, monga mmene timafukizira utsi ku una kuti mbewa zituluke. Mu 2012 gulu la a David Margolis ku University of North Carolina linaonetsa kuti mankhwala a khansa otchedwa vorinostat amachititsa maselo opumula kuyamba kulemba makalata a HIV. Koma mayeso otsatira anaonetsa kuti nkhokwe sinachepe mooneka. Kudzutsa kunatheka pang'ono, kupha kunavuta.

Njira yachiwiri ndi yotseka una n'kuumata, kuti chogona chigone mpaka kalekale. Apa chandamale ndi Tat. Kuyesa koyamba kunachitika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ndi mankhwala a kampani ya Roche, amene ankaoneka bwino mu labotale koma mwa anthu sanathandize. Pambuyo pake gulu la mayi Susana Valente ku Scripps Research ku Florida linapeza mankhwala otchedwa didehydro-cortistatin A, amene amamatirira pa chigawo chija cha Tat chogwirira TAR, ngati kupaka phula pa kiyi kuti asalowe pa loko. Mu 2017 iwo anaonetsa, pa mbewa zoikidwa maselo a munthu, kuti mankhwalawa akaphatikizidwa ndi ma ARV kachirombo kamachedwa kubwerera ma ARV akasiyidwa. Awa ndi mankhwala a mu kafukufuku, sali m'chipatala chilichonse. Chovuta chachikulu n'chakuti kapitawo P-TEFb ndi mtengatenga CRM1 ndi antchito a selo lathu lomwe. Ukawapha kuti ukhaulitse kachirombo, wapha ndi munthu yemwe. Pamafunika mankhwala olasa Tat kapena Rev okha, kapena mfundo zawo, osakhudza eni nyumba. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mwina wina afunsa za anthu amene tinamva kuti anachira. N'zoona, alipo, koma ndi owerengeka. Woyamba anali a Timothy Ray Brown, amene mu 2007 ku Berlin anawaika maselo opanga magazi a munthu wina chifukwa anali ndi khansa ya m'magazi. Wopereka maseloyo anabadwa wopanda khomo lotchedwa CCR5, limene mitundu yambiri ya HIV imalowera m'selo. Chithandizo chotere chimayamba ndi kuwononga maselo a chitetezo a wodwalayo, ndipo nkhokwe ya kachirombo imawonongekera limodzi. Ndi chithandizo choopsa ndiponso chodula, chimene madotolo amachita pokhapokha munthu ali ndi khansa yoti imupha. Chimatiphunzitsa kuti kuchira n'kotheka nkhokwe ikachotsedwa, koma si njira yoti ingafikire anthu 1 miliyoni.

Ndiye titengepo chiyani? Choyamba, kusaoneka kwa kachirombo m'magazi ndi nkhani yabwino kwambiri, ndipo woyezedwa chotero asangalale. Kafukufuku wa HPTN 052, amene mabanja a ku Lilongwe ndi ku Blantyre anatengako mbali, anaonetsa mu 2011 kuti kuyamba mankhwala msanga kumachepetsa kupatsira mkazi kapena mwamuna wako ndi 96 peresenti, ndipo kafukufuku wotsatira anatsimikiza kuti munthu amene kachirombo sikakuoneka m'magazi ake sapatsira mnzake pogonana. Chachiwiri, kuyezetsa ndi kuyamba mankhwala msanga kumathandiza kuti nkhokwe yobisika ija ikhale yaing'ono. Chachitatu, kudumphitsadumphitsa mankhwala kumapatsa kachirombo kodzuka mpata wochulukana mankhwala ali ochepa m'magazi, ndipo m'menemo ndi mmene mumabadwira tizirombo tosamva mankhwala.

Chomaliza ndi cha atsogoleri athu. Ma ARV ambiri amene timamwa m'dziko muno amagulidwa ndi ndalama za thumba la Global Fund, ndipo mu Januwale 2025, boma la America litaimitsa thandizo lake la kunja, ntchito zina zolimbana ndi Edzi kuno zinasokonezeka. Tat ndi Rev sadikira bajeti. Mankhwala akasowa mwezi umodzi, maselo ogona aja amakhala akudzuka ndithu, limodzi lero, lina mawa. Choncho phungu wanu akabwera kudzachititsa msonkhano, mufunseni kuti dziko lathu laika ndalama zingati pa mankhwala amenewa, ndipo kuchipatala kwanu kukayamba kuperewera mapiritsi musakhale chete, tiuzeni ife atolankhani tilembe.

Inu a magulu othandizana, mukabwerera kwanu ndipo wina akakufunsani kuti kachirombo kosaoneka kali kuti, muuzeni kuti kali mu kaundula, kakudikira Tat, ndipo piritsi la tsiku ndi tsiku ndilo limachititsa kuti kakadzuka kasapeze kolowera.

A wapampando, ndathera pamenepa. Amene ali ndi mafunso afunse.